Madzi a pansi pa Pretoria akufuna alonda

Ndikamva kuti zinyalala za m'mafakitale zikutayidwa m'dzenje lomwe kale ankaphwanyamo miyala, mtima wanga umathamangira ku akasupe a Fountains Valley, amene akhala akumwetsa Pretoria kuyambira 1855. Kum'mwera kwa mzindawu, cha ku Centurion, pansi pali mwala wa dolomite. Mwalawu umasungunuka pang'onopang'ono n'kusiya mapanga, ndipo madzi oipa akalowamo amangothamanga osasefedwa.

N'chifukwa chake akatswiri amaboola mijigo mozungulira dzalalo, umodzi kumtunda, ingapo kumunsi. Kuya kwa madzi m'mijigomo kumawauza komwe madziwo akulowera. Amatungako m'mabotolo n'kukayeza mchere, asidi ndi zitsulo monga mtovu. Akumunsi akaipa kusiyana ndi akumtunda, ndiye kuti dzala layamba kudontha.

Zotsatirazo zisamathere m'maofesi ayi. Inu omwa madzi a pamjigo, muzifunsa kuti muzione.