Bokosi la chiwongolero likamadontha mafuta, kuthiramo girizi sikuthetsa vuto

Nyengo yokolola ikafika, msewu wa N7 wochokera ku Zóbuè kutsikira ku Moatize umadzaza ndi magalimoto akale onyamula mbatata ya kachewere, matimati, kabichi ndi chimanga. Ambiri ndi a mtundu wa Hilux, Land Cruiser, Dyna ndi Canter amene adagulidwa atayenda kale zaka zambiri kwina. Eni ake amasamala injini, mabuleki ndi matayala, koma bokosi la chiwongolero, limene amakaniko a kuno amati caixa de direcção, amalikumbukira pokhapokha chiwongolero chikayamba kuuma m'manja. Nthawi imeneyo mafuta amakhala atatha kalekale.

Bokosili limamangidwa pa chasisi, kumunsi kwa ndodo ya chiwongolero. M'kati mwake muli chitsulo cha mazinga ngati a bawuti, timipira tachitsulo, ndi shafiti ya mano imene imatulukira kunja n'kugwira mkono wokankha matayala akutsogolo. Zitsulo zimenezi zimakhuzana nthawi zonse, ndipo zikamayenda zouma zimadyana.

Mabokosiwa alipo a mitundu iwiri, ndipo aliyense ali ndi mafuta ake. Lopanda pampu, limene dalaivala amakhotetsa ndi mphamvu ya manja basi, nthawi zambiri limafuna mafuta olemera a magiya a nambala 90, amene m'masitolo a zipangizo amati valvulina. La pampu, limene amati direcção assistida, limafuna mafuta opepuka, pa magalimoto ambiri a ku Japan aja ofiira olembedwa ATF. Mafuta a mabuleki asalowe m'bokosi lililonse mwa awiriwa, chifukwa amatupitsa mphira zonse n'kuziwononga.

Kudontha kumayambira kawirikawiri pamene shafiti imatulukira. Pamenepo pali kamphira kozungulira kotseka mafuta, retentor. Kutentha kwa ku Moatize, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa mphirayo mpaka kung'aluka. Fumbi la m'misewu yopita kuminda limakanirira pamafuta otulukawo n'kumapala chitsulo ngati mchenga. Komabe pa galimoto yakale, wolakwa weniweni nthawi zambiri si mphira. Ndi casquilho, kachitsulo kofewa kamene shafiti imazunguliramo. Kakatha, shafiti imayamba kugwedera, ndipo retentor watsopano amene waikidwa lero amadzadonthanso posachedwa.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira njira yachidule: kutsegula pothirira mafuta n'kudzazamo girizi wamba, massa consistente. Kudontha kumasiyadi, mwini galimoto n'kumaona ngati wapulumutsa ndalama. Koma girizi wolimba sayenderera. Mano a zitsulo amamukankhira m'mbali, iye n'kukhala komweko, ndipo pakati penipeni pamene zitsulo zimakumana pamatsala pouma. Kunja bokosi limaoneka laukhondo pamene m'kati likutha. Alipo girizi wofewa ngati phala lamadzimadzi, wolembedwa 00 pachitini, amene amabwerera yekha pamano. Ameneyu angathandize galimoto yopanda pampu kumaliza nyengo yokolola podikira kukonzedwa, koma sabweza chitsulo chimene chatha. M'bokosi la pampu girizi wa mtundu uliwonse ndi woletsedwa, popeza amatseka tinjira ta mafuta n'kupha pampu.

Kukonza koyenera kumayamba ndi kutsuka bokosi lonse, kuyendetsa galimoto pang'ono, kenako n'kuona pamene mafuta akutulukira. Nthawi zina vuto limangokhala paipi yomasuka kapena chivundikiro cha pamwamba. Ngati ndi pa shafiti, makaniko amalemba chizindikiro pa mkono ndi pa shafiti kuti pobwezera zisasemphane, kenako amazula mkonowo ndi chida chokokera. Kuumenya ndi hamala kumaswa mabering'i a m'kati, ndipo kuuwotcha ndi moto wowotcherera zitsulo kumafooketsa chitsulo chimene moyo wa anthu onse okwera wadalira. Mkono ukachoka, ayese kugwedeza shafiti ndi dzanja. Ikagwedera, casquilho asinthidwe limodzi ndi retentor. Ngati pamene mphira imakhudza pakumbika kamzere kamene chikhadabo chimakodwamo, shafitiyo ikufunika kukonzedwa pa makina osemera zitsulo kapena kusinthidwa.

Retentor wakale asatayidwe msanga. Pamwamba pake pamakhala manambala atatu a mamilimita, osonyeza bowo la m'kati, kukula kwa kunja ndi kunenepa kwake. Ndi manambala amenewa munthu angathe kufunsa wofanana naye m'masitolo a mumzinda wa Tete kapena kutsidya kwa malire ku Malawi, ngakhale galimotoyo idasiya kupangidwa kale.

Pamwamba pa bokosi pali kabawuti kochepetsera kugwedera kwa chiwongolero, ndipo kameneka kanyenga anthu ambiri. Mano amatha kwambiri pakati, pamene galimoto imayenda molunjika. Munthu akamanga kabawutiko mopitirira kuti kugwedera kutheretu, chiwongolero chimatha kukakamira pokhota, osabwerera chokha. Pa mitsetse ndi makona a pakati pa Zóbuè ndi Mussacama, galimoto itadzaza matumba ndi anthu pamwamba, malole akuluakulu akubwera kutsogolo, chimenecho si chinthu choyesera. Kabawutiko kamangidwe pang'onopang'ono matayala atalunjika, ndipo kenako chiwongolero chizunguzidwe mbali zonse ziwiri, kutsogolo kwa galimoto kutakwezedwa pa jeke, kuona ngati palibe pamene chikugwira. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono a Toyota, kugwedera kololedwa pa mkombero wa chiwongolero sikupitirira mamilimita 30, pafupifupi zala ziwiri.

Bokosi la pampu likathiridwa mafuta atsopano, mpweya umatsalira m'mapaipi. Umachoka pozunguza chiwongolero pang'onopang'ono kuchokera kumapeto mpaka kumapeto kangapo, matayala ali m'mwamba, uku mafuta akuwonjezeredwa kufikira thovu litatha. Pampu ikapitiriza kulira pokhota, kapena mafuta akatsikanso m'masiku ochepa, galimotoyo isanyamule katundu wopita ku Moatize mpaka makaniko atalionanso bokosilo.