Tizilembo ta pa Mphete ya Golide

Ana inu, kodi munaonapo mphete ya ukwati pa cala ca amai anu? Mukaibwereka mwaulemu ndi kusuzumira m'kati mwace, kapena mudzapezamo tizilembo tating'ono ngati mapazi a nyerere. Tizilemboto tili ndi nchito yaikuru, ndipo munthu wodziwa kutiwerenga sanyengedwa msanga.

Golide ndi citsulo ca mtengo wapatali, pakuti sacita dzimbiri ngakhale akhale m'nthaka zaka mazana ambiri. Mu 1960, ku Ingombe Ilede pafupi ndi Zambezi, anafukula manda akale napezamo mikanda ya golide ikali yowala. Golide atapezeka ku Johannesburg mu 1886, amuna ambiri a maiko athu ano anapita ku Joni kukamukumba. Ngakhale nkhondo imene Azungu anathira Angoni a Mpezeni mu 1898, cimodzi ca zifukwa zace cinali mbiri yakuti m'dzikomo munali golide wambiri.

Koma golide payekha ndi wofewa. Mphete ya golide yekhayekha ikadapindika msanga pa dzanja la mai wogwira munsi ndi khasu. Cifukwa cace osula amamusanganiza ndi mkuwa kapena siliva kuti alimbe. Tsono bvuto ndi ili: maso sangathe kuona kuti golide alimo wocuruka motani.

Muyeso wa golide amaucha karati. Tolani timiyala 24, muyese kuti ndito magawo a mphete imodzi. Magawo onse 24 akakhala golide, ndiye kuti ndi makarati 24. Akakhala 18 a golide ndi 6 a zitsulo zina, ndi makarati 18. Akakhala 9 okha a golide, ndi makarati 9, ndipo pamenepo golide safika ndi theka lomwe.

Osula ena amawerengera magawo 1,000. Motero 916 atanthauza makarati 22, 750 ndi makarati 18, 585 ndi makarati 14, ndipo 375 ndi makarati 9. Koma mukaona zilembo GP, dziwani kuti cinthuco angocikuta golide pamwamba pokha. M'kati muli citsulo wamba, ndipo golideyo adzafufutika.

Mwambo wodinda zizindikiro ndi wakale. Mu 1300 mfumu Edward I ya ku England inalamula kuti zinthu za siliva ziziyamba zayesedwa zisanagulitsidwe, ndipo zopezeka zoona azizidinda mutu wa nyalugwe, nyama yomwe ija imene kuno ku cigwa ca Luangwa timaicha kaingo. Pambuyo pace anayamba kudinda golide yemwe. Mpaka lero nyumba yoyesera ya ku London imadinda mutu wa nyalugwe, ndipo ya ku Birmingham, imene inatsegulidwa mu 1773, imadinda nangula wa combo. Oyesawo sindiwo ogulitsa ai, n'cifukwa cace anthu amakhulupirira umboni wao.

Tsono taganizani za mlimi wa kwa Jumbe kapena kwa Msoro amene walima thonje caka cathunthu, nagona m'munda usiku kuingitsa njobvu. Wapita ku Chipata ndi ndalama zace, ndipo pamseu mlendo wamuonetsa mphete yonyezimira pa mtengo wochipa. Akaigula mosayang'ana, patapita miyezi yowerengeka cala ca mkazi wace cidzayamba kubiriwira, pakuti mpheteyo ndi ya mkuwa. Thukuta lace lapita pacabe. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziwaninso kuti wakuba angathe kulemba 750 pa citsulo cacabe. Cifukwa cace wogula wanzeru amapita kwa wosula wodziwika. Iyeyu amakhuta mpheteyo pa mwala wakuda wosalala, nadonthezera mankhwala aukali pa mzere wotsalapo. Mzere wa mkuwa umasungunuka, koma wa golide weniweni umakhalabe.

Mukadzakula, musadzacite manyazi kufunsa ndi kuwerenga musanapereke ndalama zanu.

Mafunso

1. Cifukwa ninji osula amasanganiza golide ndi zitsulo zina?
2. Mphete yolembedwa 375 ndi ina yolembedwa 750, ya golide wambiri ndi iti?
3. M'mphete ya makarati 14, magawo a zitsulo zina ndi angati mwa 24?
4. Longosolani tanthauzo la mwambi uli m'phunziro lino.