Mafuta a ndevu: tisagulitsane moto pa boda

Amene mumayenda ulendo wa ku Chipata mukudziwa kuti pa Mwami sipadutsa zitenje ndi nsapato zokha. M'zikwama za geni mumakhalanso timachubu ta mafuta odzola: ena oyeretsa khungu, ena ochotsa ziphuphu, enanso omwe ogulitsa amachita kulumbira kuti amapha ndevu.

Mayi wina wogulitsa zodzoladzola pa Mchinji boma adandikhazika pansi tsiku lina nkundiuza za kasitomala wake amene amabwera kukamada, ataphimba chibwano ndi mpango. Kasitomalayo adabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi, ndipo amadzitcha mkazi. Chomuvuta ndi ndevu. Akameta m'mawa, pofika madzulo zayamba kale kumuulula, ndipo lezala la tsiku ndi tsiku lamudzaza ziphuphu m'khosi. Adabwera ndi kapepala kolembedwa dzina loti Vaniqa. Mayiwo analibe mafutawo, koma poti ndalama sabweza, adamupatsa mafuta oyeretsa khungu nkumuuza kuti nchimodzimodzi. Patatha miyezi iwiri nkhope idapsa, ndevu zili chilili.

"Achimwene, inu mudapitako kusukulu, kodi Vaniqa ameneyu nchiyani?" adandifunsa motero. Sukulu ndidaisiyira panjira, mayi, koma kuwerenga sindidasiye. Yankho lanu nali.

Vaniqa ndi dzina la malonda chabe. Mankhwala enieni ali m'katimo ndi eflornithine. Ntchito yake nkufooketsa kanthu kena ka m'muzu wa tsitsi kamene kamathandiza kuti tsitsilo likule. Tamvetsetsani apa: mafutawa sachotsa ndevu, amangochedwetsa kumera kwake. Munthu amametabe kapena kuzula, kenako nkudzola pang'ono kawiri pa tsiku, motalikitsa maola osachepera 8, ndipo sasamba pamalopo mpaka patapita maola 4. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 4 mpaka 8. Akasiya kudzola, m'masabata ngati 8 ndevu zimabwerera mwakale. Pa kafukufuku amene adachitika asanaloledwe ku America m'chaka cha 2000, amayi 32 pa 100 alionse ndiwo adathandizika kwambiri patatha masabata 24. Kwa ena mafutawa amabweretsa ziphuphu ndi kutentha pakhungu. Nchifukwa chake m'maiko momwe amagulitsidwa amafuna kalata ya dokotala, osati pakamwa pa wogulitsa.

Nanga mukudziwa kuti mankhwala a ndevuwa ali ndi mbiri ya kuno kwathu ku Africa? Eflornithine adaloledwa m'chaka cha 1990 ngati mankhwala a kaodzera, matenda aja ofala ndi kashembe. Odwala omwe anali atakomoka kale ankadzuka akabayidwa, mpaka anthu adawatcha mankhwala oukitsa akufa. Koma odwalawo anali amphawi a ku Congo, Angola ndi Sudan, ndipo m'chaka cha 1995 kampani yopanga idaleka poona kuti palibe phindu. Zaka zisanu zitadutsa, mankhwala omwewo adatulukira m'masitolo a ku America ngati mafuta a amayi a ndevu. Bungwe la Médecins Sans Frontières ndi ena adachita phokoso, ndipo mu 2001 kampani ya Aventis idagwirizana ndi WHO kuti iyambirenso kupangira odwala kaodzera. Taganizani, abale: chibwano cha munthu wa ndalama chidapulumutsa moyo wa mlimi! Kaodzera wa kuno, wa ku Rumphi ndi Nkhotakota, ndi wa mtundu wina umene sumva bwino eflornithine. Ameneyu mankhwala ake atsopano ndi fexinidazole, omwe adayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndipo adavomerezedwa ndi akatswiri a ku Ulaya mu December 2023.

Tibwerere kwa kasitomala uja. Munthu wobadwa mwamuna akamamwa mahomoni a chikazi, monga estrogen, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya mahomoni a chimuna, monga spironolactone, tsitsi la m'thupi limachepa pang'onopang'ono. Koma ndevu zomwe zidakhwima kale nzamakani, zimangofewa, sizichoka. Zozichotseratu ndi makina: electrolysis yomwe imapha muzu umodziumodzi ndi magetsi, kapena laser yomwe imazichepetsa kwambiri. Ndipo laser pakhungu lakuda ngati lathuli imafuna makina oyenera, otchedwa Nd:YAG, apo ayi munthu amatsala ndi zipsera. Mafuta aja amangothandizira. Zonsezi zimafuna dokotala, pakuti spironolactone amakweza potassium m'magazi, ndipo estrogen angathe kuundanitsa magazi m'mitsempha.

Wina afunsa: nanga osangopita kuchipatala bwanji? Funso labwino, koma tikumbutsane. Mu December 2009 a Tiwonge Chimbalanga, omwe ambiri ankawatcha Aunt Tiwo, adamangidwa ku Blantyre atachita chinkhoswe ndi a Steven Monjeza. Mu May 2010 khoti lidawapatsa zaka 14, ndipo adatuluka chifukwa chokhululukidwa ndi malemu Bingu wa Mutharika pa 29 May pomwe a Ban Ki-moon adabwera m'dziko muno. Pambuyo pake a Tiwonge adathawira ku South Africa. Mu December 2021 a Jana Gonani adagamulidwa zaka 8 ku Mangochi, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lino lidakana kuchotsa malamulo oletsa kugonana amuna okhaokha omwe iwo adadandaula. Kumeta ndevu kapena kudzola mafuta si mlandu. Koma munthu amene adamva nkhani zimenezi saima pa mzere wa chipatala kuti afotokoze vuto lake pamaso pa anthu. Amasankha mdima wa pamsika, komwe safunsa dzina.

Ine sindikukuuzani zoti mukhulupirire. Nkhani imeneyo ili m'matchalitchi, m'mizikiti ndi ku Nyumba ya Malamulo. Changa nchakuti khungu likapsa limapweteka chimodzimodzi, kaya mwini wake mumamukonda kapena ayi. Ndipo musaganize kuti ogula mafutawa ndi otere okha. Alipo azichemwali athu ambiri, obadwa akazi, omwe amamera ndevu kaamba ka vuto la mahomoni lotchedwa polycystic ovary syndrome, lomwe limasokonezanso msambo ndi kubereka. M'malo mowatumiza kuchipatala timawanong'oneza kuti ndi afiti, kapena ati adzalemera. Mkazi ndevu zikamera mwadzidzidzi, mawu nkuyamba kukula, apite akapimidwe msanga, pakuti nthawi zina chimakhala chotupa m'kati.

Tsono nayi nkhani yomwe mayi a pa Mchinji aja sankaidziwa. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Akadzoledwa kumaso nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, kubweretsa ziphuphu, ndiponso, tamverani izi, amameretsa tsitsi. Ndiye kuti wofuna kuthetsa ndevu adagula feteleza wa ndevuzo ndi ndalama zake zomwe. Safunsa adadya phula, inde, koma apa adafunsa, womuyankha ndiye adamunamiza.

Inu a geni anzanga, chinthu ngati mulibe nenani kuti mulibe. Mankhwala ofuna kalata ya dokotala malo ake ndi ku famase yovomerezeka ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuno, kapena ZAMRA kutsidya kwa boda, osati pa benchi padzuwa. Inu ana a sukulu, makamaka amene mukuphunzira zaunamwino ndi zaudokotala, tsiku lina munthu wa mpango pachibwano adzakhala patsogolo panu. Mudzatseke chitseko, mudzamufunse zomwe akumwa ndi zomwe akudzola, ndipo chinsinsi chake mudzachisunge monga lumbiro lanu linenera.

Mayi aja adandiuza kuti kasitomala wawo sadabwerenso. Sakudziwa ngati adapeza thandizo ku Lilongwe, kapena adangosamukira pa benchi ina. Machubu otsala aja adawachotsa pa malonda, ndipo ati ndalama zake akuzisungabe, mwina tsiku lina adzatulukira kukamada.