Mchenga wa kumtsinje, mchenga wa kudambo

Amene sanamangepo nyumba amati mchenga ndi mchenga basi. Koma muuzeni mmisiri kuti mwagula tipa yathunthu, funso lake loyamba likhala lakuti: mwautenga kuti?

Kwathu kuno, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, mchenga ulipo wa mitundu iwiri. Wa kumtsinje ndi wokhakhala, wa timiyala, ndipo madzi anautsuka kale. Umenewu ndiwo wa konkire, wa maziko ndi mabuloko a simenti. Wa kudambo ndi wosalala, wabwino pa pulasitala, koma kawirikawiri umabwera ndi dothi. A malole a mu tauni ya Lilongwe amautchula pa Chingerezi, river sand ndi dambo sand, ndipo mitengo yake imasiyana. Kumadera athu ano madambo ndi ambirimbiri, choncho wa kudambo ndiwo uli pafupi, ndiwonso umapusitsa anthu.

Malume anga anali mmisiri, ndipo patchuthi ine ndinali wowakankhira wilibala. Ngolo ikatsitsa mchenga iwo sankathamangira fosholo. Ankatapa wonyowa kudzaza dzanja, n'kuufinya, n'kutambasula. Ukamwazika osadetsa chikhatho, ankagwedeza mutu kuvomera. Ukaumbika n'kusiya matope m'mizere ya dzanja, ankati, "Mphwanga, uwu ngodya simenti." Pofuna kutsimikizira mwini nyumba wamakani, ankathira mchengawo m'botolo mpaka theka, n'kuonjezera madzi ndi kamchere, n'kukhutchumula. Pakapita maola angapo mchenga unkakhala pansi, dothi n'kuyala pamwamba pake, mzere wake woonekeratu. Mzerewo ukakula, nkhani yatha. Chifukwa chake n'chakuti dothi limakuta timiyala ta mchenga, simenti n'kulephera kutigwira. Ndiye mumaona khoma la chaka chimodzi likuyoyoka mukalikanda ndi chala, eni ake n'kumanena kuti simenti ya masiku ano ndi yabodza.

Amayi nawo ali nazo ntchito zawo za mchenga: kukwecha mapoto akuda ndi mwaye, ndi kukazinga mtedza m'chiwaya cha mchenga wotentha kuti upse mofanana osapserera.

Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa ofuna. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loona za zomangamanga la NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Ganizolo ine ndikugwirizana nalo. Aliyense amene anaona uvuni wa njerwa ukumeza nkhuni sangatsutse. Kungoti buloko ya simenti imafuna mchenga kapena fumbi la kwale, ndiye katundu amene tinatula ku nkhalango wina wagwera mitsinje monga Lilongwe, Likuni ndi Namitete.

Si Malawi yekha. Lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, la mu 2022 linati dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito matani 50 biliyoni a mchenga ndi miyala ing'onoing'ono pachaka, ndipo kupatula madzi palibe chachilengedwe china chimene anthu amatapa kwambiri kuposa chimenechi. Wa m'chipululu suthandiza kwenikweni, chifukwa mphepo inaupera n'kukhala wobulungira, wosagwirana bwino mu konkire. N'chifukwa chake aliyense maso ali ku mitsinje.

Mtsinje ukatapidwa pang'ono, mvula ya chaka chotsatira imabwezeretsa. Vuto limayamba okumba akasiya pakati n'kuyamba kugumula magombe. Dimba la munthu limadyeka pang'onopang'ono, masamba ndi nzimbe zomwe. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira: mchenga umasunga madzi. Mu Okutobala mtsinje umaoneka wouma, koma mayi akafukula ndi mbale pang'ono chabe amapeza madzi. Mukachotsa mchengawo madzi amatsika, zitsime za m'madimba oyandikira n'kuyamba kuphwa msanga. Maenje otsala nawo amadzaza nthawi ya dzinja, ana n'kumasambiramo osadziwa kuya kwake.

Sindingaloze chala mnyamata woima m'madzi mpaka m'chiuno kuyambira mbandakucha, fosholo m'manja. Pa ndalama ya tipa yonse, iye ndiye amalandira yochepetsetsa. Yambiri imathera ku mafuta ndi kwa mwini galimoto. Ndipo poti mtengo wa mchenga ndi wa mayendedwe, aliyense amafuna kukumba pamene lole ifika mosavuta, ndiye kuti pafupi ndi msewu, pafupi ndi mlatho. Pamenepo ndi pamene mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi anayenera kuyambira kuletsa, chifukwa mchenga wozungulira zipilala ukachoka, madzi osefukira amafukula pansi pake, ndipo mlatho wa kumudzi ukagwa pamatha zaka usanamangidwenso.