Matiresi a latex ndi tulo ta m'chilimwe cha ku Chileka

Aliyense amene anagonapo ku Chileka kapena ku Lirangwe mwezi wa Okutobala akudziwa mmene usiku wake umakhalira. Malata amakhala atapsa ndi dzuwa tsiku lonse, zipupa za njerwa zikulavula kutentha mpaka pakati pa usiku, ndipo ukangogona pamatiresi mphindi khumi, msana wanyowa kale. Umagubuduka kufuna pozizira, pilo n'kumutembenuza kangapo, mpaka tambala woyamba. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timaona zotsatira zake kawiri. M'kalasi yathu ya m'mawa mitu imagwa, ndipo tikapita kokayeserera kuphunzitsa timapeza ana akusinza pa phunziro loyamba lenileni.

Kutenthaku kuli ndi chifukwa chake. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, pomwe pakati pa mzinda wa Blantyre pali pa mamita oposa 1,000. Mpweya umazizira madigiri 6 ndi pang'ono pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, choncho kungotsika kuchoka m'tauni kufika ku Chileka tawonjezera madigiri pafupifupi 2. Tikapitirira ndi msewu wa M1 kudutsa Lunzu ndi Lirangwe kulowera ku Zalewa, tikutsikirabe ku mtsinje wa Shire, ndipo kutentha kukukulirakulira.

N'chifukwa chake nkhani ya matiresi a latex, amene amatchuka kuti ndi ozizira, imatikopa kuno. Ena mwa ife tikuwerengera kale zimene tidzagule ndi malipiro oyamba, ndipo m'mipingo mwathu makomiti a ukwati amakangana chaka ndi chaka za mphatso yopatsa banja latsopano. Matiresi ambiri amene timagula m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre ndi a siponji. A latex weniweni sapezeka wambawamba, ndipo mtengo wake umaposa wa siponji kangapo. Tisanataye ndalama zotere, ndi bwino timvetse chimene chimatitenthetsa pabedi.

Kuti tulo tibwere, thupi limayenera kutaya kutentha. Usiku kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatsika ndi digiri imodzi kapena kucheperapo, ndipo magazi amathamangira kukhungu, makamaka la m'manja ndi kumapazi, kuti kutenthako kutulukire kunja. Munthu wamkulu ali m'tulo amatulutsabe kutentha kofanana ndi babu lakale lija la mawati 75. Chipinda chikakhala chozizira, mpweya umangochotsa kutenthako. Chipinda chikatentha kuyandikira madigiri 30, njira yaikulu yotsala ndi thukuta, ndipo thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma. Mbali ya thupi imene yagonera matiresi ilibe mpweya woumitsa thukutalo. Funso lenileni pa chogonera chilichonse ndi lakuti: kodi mpweya ndi chinyezi zili ndi podutsa?

Latex ndi utomoni woyera ngati mkaka wochokera mu mtengo wa mphira, umene akatswiri amautcha Hevea brasiliensis. Kwawo kwa mtengowu ndi nkhalango ya Amazon ku Brazil. Mu 1876 Mngelezi wina dzina lake Henry Wickham anatenga mbewu zake pafupifupi 70,000 n'kupita nazo ku Kew, mu London, ndipo mbande zochokera kumeneko n'zimene zinayambitsa minda ya ku Asia. Lero dziko la Thailand ndi limene limakolola utomoniwu wochuluka kuposa lina lililonse. Kuno kwathu mitengoyi ilipo pa esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay. Amene anayendapo msewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay anaona nkhalango yake, komanso anyamata ogulitsa mipira yodumpha kwambiri ija m'mbali mwa msewu. Mpira umenewo ndi matiresi a latex ndi pachibale. Mtengo umayamba kuchekedwa khungwa ukakwanitsa zaka 6 kapena 7, ndipo utomoni umadontha pang'onopang'ono m'kakapu komangirira pathunthu.

Njira yosandutsira utomoni kukhala chogonera inatulukira ku kampani ya Dunlop ku Birmingham mu 1929. Amaupuntha mpaka uchite thovu, monga timachitira ndi dzira pophika keke, n'kuuthira m'chikombole chokhala ndi timisomali tambirimbiri, kenako n'kuuphika ndi nthunzi pamodzi ndi sulufule kuti ulimbe. Akautsuka ndi kuuumitsa, timisomali tija timasiya mabowo olowa m'kati mwa matiresi. Njira ina, yotchedwa Talalay, inabwera pambuyo pake: chikombole amachithira mosadzaza, n'kupopamo mpweya wonse kuti thovu lifufume, kenako n'kuliumitsa ndi kuzizira koopsa asanaliphike. Latex wa Talalay amakhala wofewa ndi wodula. Wa Dunlop amakhala wolimbirapo ndi wolemera, ndipo kwa ife amene tikufuna chinthu chokhalitsa, ameneyu ndi wokwanira.

Siponji ya matiresi athu wamba ndi polyurethane, mankhwala ochokera ku mafuta okumba pansi, amene Otto Bayer ndi anzake anatulukira ku Germany mu 1937. Memory foam ndi mtundu wina wa siponji yomweyi, umene unayamba mu kafukufuku wa bungwe la NASA m'zaka za m'ma 1960. Imafewa ikamva kutentha kwa thupi, munthu n'kumira m'menemo ngati m'phala. M'sitolo imakoma kuikhudza, koma kwa wogona ku Lirangwe mu Novembala ndi chilango, chifukwa khungu lambiri limakwiririka.

Latex amaposa ziwirizi pa zifukwa ziwiri. Timabowo ta thovu lake n'tolumikizana, ndipo pamodzi ndi mabowo aakulu aja timalola mpweya kuyenda munthu akamatembenuka. Komanso amakankha thupi m'malo molimeza, choncho umagona pamwamba pake, m'mbali mwako mukupita mphepo. Koma tisanamizane: latex si firiji. Sachotsa digiri ngakhale imodzi m'chipinda, amangosunga kutentha kocheperapo. Pa kuzizira kokha, mphasa ya agogo athu imapambana matiresi onse a m'sitolo, kungoti m'mawa nthiti ndi chiuno zimadandaula.

Tikafika m'sitolo, mawu oti latex olembedwa pachikuto asatikwanire. Pali latex wopangidwa kuchokera ku mafuta, pali wosakaniza, ndipo pali matiresi a siponji ongoyalidwa kachigamba ka latex ka masentimita 2 kapena 3 pamwamba. Onsewa amagulitsidwa ndi dzina limodzi. Mboni yosanama ndi kulemera. Latex wa matiresi amalemera makilogalamu pakati pa 60 ndi 95 pa kiyubiki mita imodzi, pomwe siponji yotchipa imatha kuchepera makilogalamu 20. Tiyeni tiwerengere pa matiresi a munthu mmodzi, otalika masentimita 190, m'lifupi 91, ndi kuchindikala 15, amene ogulitsa amati a mainchesi 6. Amenewa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kiyubiki mita ndi pang'ono. Akakhala a latex yekhayekha alemera makilogalamu 16 mpaka 25, kuyandikira theka la thumba la chimanga. Akakhala a siponji yotchipa safika makilogalamu 6. Ngati wogulitsa wanyamula matiresi ndi dzanja limodzi uku akulumbira kuti ndi latex, tisatulutse ndalama.

Tipemphenso kuti atsegule zipi ya chikuto, tione mabowo aja ndi maso athu komanso tione ngati latex wafika pansi kapena wathera pamwamba. Tikadina ndi chibakera n'kuchotsa, latex amabwerera nthawi yomweyo. Ndipo tisachite manyazi kugonapo mphindi zingapo mmene timagonera kunyumba. Wogona chammbali amafunika pofewa pang'ono kuti phewa ndi chiuno zilowe, msana ukhale wowongoka. Wogona chagada kapena chafufumimba amafunika polimbirapo.

Latex ali ndi zofooka zimene zimakhudza zizolowezi zathu. Choyamba ndi dzuwa. Ife tinazolowera kutulutsa matiresi Lamlungu n'kuwatsamiritsa pampanda tsiku lonse. Latex akawombedwa ndi dzuwa amauma, amasanduka wachikasu, ndipo pamapeto pake amanyenyeka ngati buledi wogonera. Amenewa amayanikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Chachiwiri ndi kulemera komwe kuja: wophunzira amene amasamuka teremu iliyonse, katundu ali pamwamba pa minibasi kapena pa kabaza, aganize kawiri. Chachitatu, pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi latex. Amene manja amatupa kapena kuyabwa akavala magolovesi a kuchipatala, kapena milomo imatupa akauzira chibaluni, ayambe wafunsa achipatala. Ubwino wake ndi wakuti akasamalidwa amatha zaka zoposa 10 osachita dzenje pakati, pomwe siponji yotchipa imaphwa msanga mpaka munthu kumamva matabwa.

Kwa ambiri a ife, amene fizi ikutipanikiza kale, latex adikire kaye. Siponji yolemera, imene m'masitolo amati high density, ndi yokwanira, ndipo poigula tigwiritse ntchito muyeso womwe uja: pa matiresi awiri ofanana kukula, olemera ndi amene akhalitse. Mawu oti orthopaedic pachikuto satiuza kulemera kwa siponji, choncho tifunse nambala yake. Tiyang'anenso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Chimene chimatidabwitsa n'chakuti kutentha kwambiri kwa pabedi timadzipangira tokha ndi zimene timayala pamwamba. M'nyumba zambiri matiresi amakhala m'pepala lake la pulasitiki la kusitolo kwa zaka, akuti kuti asade. Pulasitiki salola chinyezi kudutsa ngakhale pang'ono. Thukuta limangosonkhana pansi pa msana, ndipo matiresi a latex okutidwa chotere sasiyana ndi siponji ya pamsika. Pepalalo tichotse, m'malo mwake tisoketse kwa telala chikuto cha nsalu yathonje chokhala ndi zipi kuti tizichapa. Kumene matiresi ndi a sukulu ndipo anakutidwa ndi chikopa cha pulasitiki, tisang'ambe katundu wa eni. Tiyale mkeka wopyapyala kapena bulangete lakale lathonje pamwamba, kenako nsalu yogonera, kuti pakati pakhale mpata wa mpweya.

Nsalu zoyala pabedi, zimene timangoti mashiti, zikhale zathonje. Thonje limamwa thukuta n'kulitulutsa kuti liume, pomwe poliyesitala amamwa pang'ono kwambiri, thukuta n'kutsala pakhungu. Mashiti onyezimira a maluwa owala aja, amene amakongola pa tsiku la ukwati, nthawi zambiri amakhala a poliyesitala. Zimamvetsa chisoni pang'ono kuti dziko lolima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, lokhala ndi fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre momwemu, likugonera nsalu zochokera ku mafuta. Pa kaunjika wa pa Lunzu kapena ku Limbe mashiti athonje amapezeka, bola kudziwa kusankha. Tiyambe tawerenga kachikwangwani ka m'mphepete. Ngati kanachoka, tifinye nsalu m'manja: thonje limatsala ndi makwinya. Dontho la madzi pa thonje lochapidwa limalowa nthawi yomweyo, pa poliyesitala limayamba layandama. Kunyumba tingathe kuyatsa kaulusi kamodzi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, poliyesitala amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Nambala zikuluzikulu za ulusi zolembedwa pa mapaketi, monga 800 kapena 1,000, zisatikope. Nsalu yolukidwa mothinana kwambiri imatsekereza mpweya, ndipo ya pakati pa 200 ndi 400 ndi yabwino kuno. Pofunda m'chilimwe, shiti limodzi kapena chitenje chathonje n'chokwanira. Pilo nayenso avekedwe thonje, chifukwa mutu ndi khosi zimatuluka thukuta lambiri.

Pansi pa matiresi pamafunikanso mpweya. Bedi la matabwa otalikirana masentimita 5 mpaka 7 ndi labwino kuposa thabwa limodzi lotseka ponse, ndipo mpata ukakula kupitirira apo latex amalowa m'mipatamo. Kuyala matiresi pasimenti kumamveka kozizira tsiku loyamba, koma chinyezi chimatsekeredwa pansi pake, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala timapeza nkhungu yakuda. Amene alibe bedi ayale mphasa pansi, ndipo m'mawa uliwonse aimike matiresi kukhoma.

Nsikidzi sizisankha latex kapena siponji. Zimabisala m'misoko ya chikuto, m'ming'alu ya matabwa a bedi ndi ya khoma. Matiresi a pa kaunjika kapena osiyiridwa ndi mnzathu tiyang'ane m'misoko ngati muli timadontho takuda tisanalowe nawo m'nyumba. Mashiti ndi chikuto tichape ndi madzi otentha ofika madigiri 60 n'kusita, ndipo matabwa a bedi tiwathire madzi owira.

Neti ndi imene anthu ambiri amaithawa kukatentha, poti imatchinga kamphepo. N'zoona kuti imatchinga pang'ono, makamaka magetsi akathima fani n'kuima. Koma kumadera otsika ano malungo ndi ochuluka, ndipo udzudzu umene umawafalitsa umaluma usiku, nthawi yomweyo imene timafuna kukankha neti. Chochita n'kuikunga bwino kuti isagwere pathupi, kuchotsa zovala ndi matawulo amene timaponya pamwamba pake, ndi kutsegula mawindo oyang'anizana ngati ali ndi waya wotchinga udzudzu. Neti yatsopano ya mankhwala imayamba yayanikidwa pamthunzi tsiku lathunthu isanapachikidwe, ndipo ikachapidwa imaumitsidwanso pamthunzi, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala ake.