N'chifukwa chiyani galimoto imalira gwedegwede besi ikamagunda?

Achimwene anga atagula galimoto yawo yoyamba, sanayambe n'kusintha matayala ayi. Anathamangira kukamangitsa sipika yaikulu ya besi, ija amati subwoofer, m'buti. Madzulo ake anandiimbira foni: "Mphwanga, tabwera udzamve wekha. Anthu aja andidyera ndalama."

Nditafika anayatsa nyimbo. Besi itangogunda, galimoto yonse inayamba kulira ngati chitini cha misomali. Nambala puleti yakumbuyo inkangoti tatatata, chitseko chakumanzere chinkasokosa pachokha, ndipo kalilole wam'kati ankanjenjemera moti sukanaona kanthu. Iwo anali atatsimikiza zokabweza sipikayo n'kugula ina yodula kwambiri. Ndinawapempha kuti adikire kaye, chifukwa ndinkakayika ngati sipikayo inali ndi mlandu.

Tiyeni tiyambire pa zimene mumaphunzira mu Fizikisi. Mawu amabwera chinthu chikamanjenjemera. Sipika imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo maulendo amene imachita zimenezi pa sekondi imodzi timawayeza mu hertz, dzina lochokera kwa wasayansi wa ku Germany, Heinrich Hertz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Subwoofer imagwira ntchito pansi penipeni, cha m'ma 20 mpaka 100 Hz. Kuti mawu otsika chonchi amveke, sipika imayenera kukankha mpweya wambiri zedi, ndipo mpweyawo, poti watsekeredwa m'galimoto, nawonso umakankha zitseko, denga ndi buti. Tsono malata a galimoto ndi opyapyala, ambiri sakwana n'komwe milimita imodzi.

Koma bwanji chitseko chimodzi chinkalira pamene chinzake chili phee? Yankho lake ndi resonance. Chinthu chilichonse chili ndi liwiro lakelake limene chimanjenjemera nalo mosavuta. Ganizirani za katungwe. Mukamamukankha mnzanu pa nthawi yoyenera, ngakhale pang'onopang'ono, amakwera m'mwamba kwambiri. Mukakankha pa nthawi yolakwika, katungweyo sapita patali. Ndi momwemonso ndi lata la chitseko. Besi ikagunda pa liwiro limene latalo limakonda, kankhani-kankhani wamng'ono uja amaunjikana mpaka latalo limayamba kuombana ndi pulasitiki kapena waya amene ali pafupi. Phokoso lonyansa lija ndi zinthu ziwiri zimene zikumenyana maulendo makumimakumi pa sekondi.

Tinasiya nyimbo n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yotulutsa liwu limodzi lokha. Tinalumikiza foniyo ku wailesi, voliyumu ili pakatikati, n'kumakweza ma hertz pang'onopang'ono kuchokera pa 30. Chilichonse chinkadziulula chokha pa nthawi yake. Chikayamba kulira, ine ndinkazungulira galimoto n'kumagwira malo osiyanasiyana ndi chikhatho. Pamene phokoso lasiya ndikagwira, wolakwa ndi ameneyo.

Olakwa oyamba anatiseketsa. Nambala puleti inamangidwa ndi mabawuti awiri okha, m'munsi mwake mukungolendewera. Tinamata timizere ta siponji kuseri kwake n'kulimbitsa mabawutiwo. Jeki ndi sipanala m'buti tinazikulunga m'chitenje chakale. M'thumba la chitseko munali ndalama zachitsulo ndi botolo lopanda kanthu. Theka la phokoso linathera pomwepo, osalipira ngakhale tambala.

Malata enieniwo ndiwo anafuna nzeru ina, ndipo nzeruyo oimba ng'oma anaidziwa kalekale. Munaonapo phula limene amamata pakati pa chikopa cha ng'oma? Phulalo limalemeretsa chikopa, ndiye chimanjenjemera mochedwerapo n'kutulutsa liwu lakuya. Kulemera kukachuluka, liwiro lachibadwa lija limatsika. Yesaninso ichi kunyumba: menyani chivundikiro cha poto ndi supuni, chimalira ngwee kwa kanthawi. Chikhudzeni ndi chala, kulira kumatha nthawi yomweyo, chifukwa mnofu wofewa wa chala wameza mphamvuyo.

Omanga masipika ali ndi timapepala tomata tochita ntchito ziwiri zonsezi. Mbali imodzi ndi labala yofewa yotchedwa butyl, pamwamba pake pali aluminiyamu. Lata likapindika, labala ija imafinyika pakati pa lata ndi aluminiyamu, ndipo mphamvu ya kunjenjemera imasanduka kutentha kochepa kwambiri. Mphamvu sitayika, imangosintha mtundu, monga lamulo lija la m'kalasi limanenera. Sitinamate chitseko chonse. Tinkagogoda ndi chala n'kumata pakati pa malo otambalala amene ankalira ngati mgolo wopanda madzi. Tinapukuta kaye fumbi ndi mafuta, n'kusindikiza mwamphamvu kuti pasatsale mpweya. Tinasamalanso kuti tisatseke timabowo ta m'munsi mwa chitseko, poti m'menemo ndi modutsa madzi a mvula, ndipo mukatitseka dzimbiri silichedwa. Zomata zotchipa zopangidwa ndi tala tinazikana: dzuwa la mu Okutobala likawomba, zimafewa, kununkha, mwinanso kumatuka.

Chomaliza chinali bokosi la sipika. Linali longoikidwa m'buti, likudumphadumpha. Tinalimangirira ndi mabawuti. Apa nkhani si phokoso lokha. Bokosi lolemera lopanda chomangira limapitirizabe ulendo galimoto ikaima mwadzidzidzi, ndipo likhoza kuvulaza munthu.

Titayatsanso nyimbo, achimwene anakhala chete kaye, kenako anati, "Iwe, ndi sipika yomwe ija imeneyi?" Inali yomweyo. Chimene chinandisangalatsa n'choti anatsitsa okha voliyumu, chifukwa besi tsopano inkamveka bwino popanda kuikakamiza. Ndipo zinawachitira ubwino. Phokoso lopitirira ma decibel 85, ukamalimva maola 8 tsiku ndi tsiku, limawononga makutu, ndipo kukwera ndi ma decibel atatu okha ndiye kuti mphamvu yake yawirikiza kawiri. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Mukadzakweranso minibasi yogunda besi, tcherani khutu. Yesani kupeza chimene chikulira: windo, mpando, kapena chitseko? Chigwireni ndi dzanja, mumve ngati chisiya.