Chifukwa chake alimi a mahatchi ku Kentucky amapha msipu wobiriwira

M'misewu yozungulira mzinda wa Lexington, m'chigawo cha Kentucky ku America, mipanda yamatabwa imatsetsereka ndi zitunda mpaka pomwe maso alekeza. Kuseri kwake kumadya mahatchi a mpikisano, ena a mtengo woposa nyumba. Msipu wake ndi wosiririka. Komabe si zachilendo kuona mlimi akupopera busa lonse mankhwala ophera udzu, n'kulisiya litauma gwa, kuti abzalemo udzu wina. Mlendo angaganize kuti mutu wamusokonekera.

Gwero la nkhaniyi ndi chaka cha 1931, pamene E.N. Fergus, katswiri wa mbewu wa pa University of Kentucky, anaona udzu wa mtundu wa tall fescue uli bwinobwino paphiri la famu ina m'dera la Menifee. Anatengako mbewu n'kukaziyesa, ndipo mu 1943 udzuwo unaperekedwa kwa alimi ndi dzina loti Kentucky 31. Unafalikira maekala mamiliyoni ambiri chifukwa sugonja msanga ku chilala, tizilombo kapena ziboda za ziweto.

Chomwe chimaulimbitsa chinadzadziwika m'zaka za m'ma 1970. Mkati mwa udzuwo mumakhala kafangasi kosaoneka ndi maso, komwe kamafalikira kudzera m'mbewu. Kamateteza udzuwo, koma kamatulutsanso poizoni. Hatchi ya bere imayenera kuswa pakatha miyezi pafupifupi 11, koma ikamadya udzu umenewu imatha kupitirira ndi masabata angapo. Mwana amakulira m'mimba mpaka kuvuta kutuluka, nsengwa imakhuthala, ndipo kawirikawiri mkaka subwera. Pa famu yomwe mwana mmodzi wa hatchi angabweretse ndalama zoyendetsera ntchito chaka chonse, limeneli ndi tsoka lalikulu. N'chifukwa chake alangizi amati mahatchi a bere achotsedwe pa udzuwu kutatsala masiku 60 mpaka 90 kuti aswe. Ena amaona kuti n'kwabwino kungothana nawo udzuwo.

Hatchi nayo si chiweto chosamala busa. Ng'ombe imakokera udzu ndi lilime n'kusiya chitsa, pomwe hatchi ili ndi mano akutsogolo m'mwamba ndi m'munsi, motero imadula mpaka kudothi. Imasankhanso. Pamene pakoma imabwererapo tsiku ndi tsiku mpaka pamera dazi, koma pamene yachitapo ndowe siidyapo, ndiye udzu umangokhwima. Pachipata ndi pomwera madzi pamasanduka matope. M'malo opanda kanthuwo ndi momwe zomera zachabechabe zimapezera mpata.

Kukonza kumayamba ndi kuyeza nthaka. Ngati ili ndi asidi wambiri amathira laimu, ndipo feteleza amatsatira zomwe zotsatira zanena, osati zongoganizira. Busa likakhala kuti langoperepeseka, amatchetcha udzu n'kubzala mbewu mkati mwa wakalewo ndi makina omwe amang'amba timizere osagaula nthaka. Mbewu zake n'zazing'ono kwambiri, choncho zimalowa pafupifupi sentimita imodzi yokha. Zikapitirira pamenepo zambiri sizituluka. Pofuna kuchotseratu Kentucky 31 ntchito imakula. Udzuwo suloledwa kubereka mbewu chaka chimenecho, amaupopera kawiri motalikitsa masabata angapo, kenako amabzala pakati pa Ogasiti ndi Seputembala, pamene kutentha kukuchepa kumeneko. Ambiri amasakaniza Kentucky bluegrass ndi orchardgrass, kapena amabzala tall fescue watsopano yemwe ali ndi kafangasi kopanda poizoni woopsa uja. Mbewu zimenezi n'zodula, koma udzu wake umalimba pafupifupi ngati wakalewo.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi podikira. Pakatha milungu ingapo busa limaoneka lobiriwira ndithu, mwini wake ali kalikiliki kugula udzu wouma, mahatchi nawo akusuzumira pampanda. Akangotsegula chipata, mizu yanthete imazuka ndi mano, ina imaphwanyika ndi ziboda, ndalama zonse n'kulowa m'madzi. Busa lobzalidwa mwatsopano limafuna miyezi yambiri lisanalandire ziweto, ndipo alimi osamala amayamba alitchetcha kaye kangapo kuti udzu uchite mphukira n'kuyanga. Panthawi yonseyi mahatchi amakhala m'kabwalo kakang'ono komwe mwini wake wavomereza kuti kawonongeke.

Akabwerera, sadyanso mwachisawawa. Amalowa udzu ukafika masentimita 15 mpaka 20, ndipo ukatsika kufika pa 8 kapena 10 amasamutsidwira m'busa lina. Kwa mlimi wofuna kudziwa kuti tall fescue wabwereranso wochuluka bwanji, University of Kentucky imatumiza antchito ake kukawerenga mitundu ya udzu m'busa lililonse ndi kutenga zitsanzo zokayeza kuchuluka kwa poizoni.